Mimba ndi ma ARV sizidikira kuti madzi aphwe

Nthawi zonse kukagwa ngozi ya madzi osefukira m'dziko muno, katundu amene amayamba kutchulidwa pa wailesi amakhala yemweyo: ufa, nyemba, mafuta ophikira, zofunda, ndowa ndi malona. Akufuna kwabwino amasonkha, magalimoto amanyamuka, adindo amajambulitsa akupereka matumba. Palibe angatsutse kuti zinthu zimenezi ndi zofunika, pakuti munthu wanjala samva uphungu. Koma pamzere wodikira ufawo pamakhalanso mayi wodwala pakati yemwe masiku ake akwana, mayi wina yemwe botolo lake la ma ARV lapita ndi madzi, ndi mtsikana wa zaka 14 yemwe akuopa kupita kuchimbudzi kunja kukada. Thandizo la anthu amenewa limabwera pambuyo, zinthu zina zonse zikatha. Ine ndikuti mankhwala otalikitsa moyo, makondomu, njira zolerera ndi zipangizo zochilitsira amayi ziyenera kukwera nawo galimoto yoyamba yomwe yanyamula ufa, chifukwa thupi la mayi lili ndi nthawi yake yomwe siisintha kaamba koti mlatho waduka.

Tikumbutsane zomwe zinachitika mu Malichi 2023. Namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yosalekeza m'chigawo chakumwera kwa masiku angapo. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche ndi kukwirira nyumba ku Chilobwe mu mzinda wa Blantyre, ndipo ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu, Chikwawa ndi Nsanje midzi ina inafafanizikiratu. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa osapezekanso. Oposa 650,000 anasowa pokhala ndipo anakaunjikana m'misasa yoposa 700, yambiri mwa iyo inali sukulu za pulayimale ndi matchalitchi. Izi zinachitika dziko lili kale pa mliri wa kolera womwe unayamba mu 2022. Sikanalinso koyamba. Madzi anasefukira mu Januwale 2015, mu Malichi 2019 pa nthawi ya namondwe wa Idai, komanso mu Januwale 2022 pa nthawi ya namondwe wa Ana. Munthu wa ku Makhanga m'boma la Nsanje, komwe madzi akadzadza kumafikika pa bwato kapena pa ndege basi, sangauzidwe kuti ngoziyi ndi yodzidzimutsa.

Akatswiri a zaumoyo amene amagwira ntchito m'misasa ali ndi kawerengedwe kawo. Amati mwa anthu 100 alionse amene athawa kwawo, pafupifupi anayi amakhala amayi oyembekezera, ndipo mwa amayi oyembekezera 100 alionse, pafupifupi 15 amakumana ndi vuto lofunika thandizo la kuchipatala mwamsanga. Tikatenga chiwerengero cha Freddy, ndiye kuti m'misasa ija munali amayi apakati pafupifupi 26,000, ndipo pafupifupi 4,000 mwa iwo anali oti akhoza kutaya magazi kwambiri, kukomoka kaamba ka kuthamanga kwa magazi, kapena kuti mwana apingase. Mayi amene akutaya magazi atangochira akhoza kumwalira m'maola awiri okha. Kwa zaka zambiri takhala tikuuza amayi kuti adziyamba sikelo msanga ndi kukachilira kuchipatala, ndipo amayi anamvera. Nanga chipatalacho chikalowa madzi, msewu nkuduka, tawakonzera chiyani? Pali kaphukusi kakang'ono komwe mumakhala pepala la pulasitiki loyala, sopo, lezala latsopano, ulusi womangira mchombo ndi magolovesi. Mtengo wake ndi wochepa, ndipo kamateteza mayi, mwana ndi wochilitsa ku matenda. Kaphukusi kameneka sikalowa m'malo mwa namwino kapena ambulansi, koma nkoyenera kukhala m'manja mwa mayi aliyense wooneka pakati tsiku lomwe walembedwa pamsasa.

Nkhani ya ma ARV ndiyo ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa pano ndi pomwe ngozi ya madzi imakumana ndi mliri wa Edzi. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti mwa anthu a zaka 15 kupita mtsogolo, amayi oposa 10 mwa 100 alionse anali ndi kachilombo ka HIV, pomwe abambo anali pafupifupi 7 mwa 100 alionse. Chigawo chakumwera, komwe anamondwe amakonda kusakaza, ndi komwenso kachilomboka kali kochuluka. Choncho m'kalasi iliyonse momwe mwagona amayi 50, sikulakwa kuganiza kuti asanu kapena kuposerapo amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku. Munthu wothawa madzi usiku amanyamula mwana, sanyamula botolo. Kabuku kakuchipatala nako kamapita ndi madzi omwewo. Malamulo a unduna wa zaumoyo amalola munthu kulandira ma ARV a pangozi pa chipatala china chilichonse, koma amayembekezera kuti munthuyo aonetse khadi kapena kabuku kake. Lamuloli linalembedwa poganizira munthu wapaulendo, osati munthu amene watsala ndi chitenje chimodzi chokha.

Munthu akasiya kumwa mankhwala, tizilombo timayambanso kuchulukana m'magazi m'milungu yochepa chabe. Chitetezo cha mthupi chimatsika pa nthawi yomwe munthuyo akugona mothithikana ndi anthu otsokomola ndi otsekula m'mimba. Kumwa modukizadukiza kumaperekanso mpata woti kachilombo kapime, osamvanso mankhwala. Kwa mayi woyembekezera kapena woyamwitsa vuto limakhala la anthu awiri. Dziko la Malawi linatchuka pa dziko lonse mu 2011 pokhala loyamba kuika mayi aliyense wapakati kapena woyamwitsa yemwe ali ndi kachilombo pa ma ARV a moyo wake wonse, ndipo ana ambiri anabadwa opanda kachilombo kaamba ka ndondomeko imeneyi. Popanda mankhwala, ana 15 mpaka 45 mwa 100 obadwa kwa amayi omwe ali ndi kachilombo amatengera. Mayi amene anasamala miyezi yonse ya mimba akhoza kupatsira mwana wake kudzera m'bere pa mwezi umodzi wa pamsasa, ndipo mlandu sungakhale wake.

Koma ngakhale mankhwala atafika, pali chinthu china chomwe okonza thandizo sachiona. Kumudzi mayi amakhala ndi njira zake zosungira chinsinsi. Botolo amalibisa m'thumba la chimanga kapena pansi pa zovala, ndipo tsiku lokatenga mankhwala amati akupita kumsika. Ena sanaululire ngakhale amuna awo poopa kumenyedwa kapena kuthamangitsidwa pabanja. Pamsasa zonsezi zimatha. Amagona mkeka umodzi ndi apongozi ake, moyang'anana ndi mkazi wa mfumu ndi amayi a mvano a kumpingo kwake. Botolo likangolira, aliyense wamva. Ndiye pabwere galimoto ya chipatala choyendayenda, iime pabwalo la sukulu, wina aimirire nkukuwa kuti amene mumamwa mankhwala aja bwerani mbali ino. Kodi ndi angati angadzuke? Ambiri amangoyang'ana pansi, galimoto nkubwerera ndi mankhwala, lipoti nkulembedwa kuti pamsasapo panalibe ofuna ma ARV. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limateteza chinsinsi cha munthu, ndipo silinena kuti chitetezocho chimatha munthu akakhala pamsasa. Chofunika ndi hema kapena chipinda chimodzi momwe wodwala malungo, wofuna kulera, wa mutu ndi wa ma ARV onse amalowa khomo limodzi, mmodzimmodzi, kuti wakunja asadziwe chomwe mnzake walowera. Magulu a anthu omwe ali ndi kachilombo, monga a NAPHAM ndi COWLHA, amadziwana okhaokha ndipo akhoza kufikira anzawo mwakachetechete kuposa mlendo aliyense wovala yunifolomu. Nzomvetsa chisoni kuti pokonza dongosolo la misasa iwowa sakumbukiridwa kawirikawiri.

Tsopano tinene za kaundula. Pamsasa munthu wamphamvu kuposa onse ndi amene wagwira cholembera. Iye ndiye anena kuti banja ili lilandira, ili lidikire. Mayi wamasiye, mkazi wachiwiri pamitala, mtsikana wobereka ali pakhomo pa makolo, ndi ana amasiye olera anzawo, onsewa malo awo pa kaundula amakhala okayikitsa chifukwa anthu amawerengedwa potsata mwamuna wa pakhomo. Mayi woteroyo akauzidwa kuti dzina lako silikuoneka koma tikhoza kukambirana madzulo, amadziwa tanthauzo lake, ndipo amadziwanso kuti ana ake sanadye. Mchitidwe umenewu si nkhambakamwa. Mu 2002 bungwe la UNHCR ndi la Save the Children la ku Britain anatulutsa zomwe anapeza m'misasa ya anthu othawa nkhondo ku Guinea, Liberia ndi Sierra Leone, komwe ena mwa ogwira ntchito zachifundo ankagona ndi atsikana posinthanitsa ndi chakudya, sopo ndi malona. Manyazi ake anachititsa kuti mu 2003 mlembi wamkulu wa United Nations, Kofi Annan, akhazikitse malamulo oletseratu khalidweli kwa onse ogwira ntchito m'dzina la bungwelo. Mu 2019, pambuyo pa namondwe wa Idai, bungwe la Human Rights Watch linafalitsa madandaulo a amayi a kwa anansi athu ku Mozambique, omwe anati atsogoleri ena a m'madera ankawakakamiza kugonana nawo kuti alandire chakudya. Amene akuganiza kuti zotere zimathera pa malire a Muloza kapena Marka akudzinamiza.

Pali anthu omwe amati mayiyo anavomera yekha. Munthu amene wauzidwa kusankha pakati pa thupi lake ndi njala ya ana ake sanavomere kanthu. Pakugonana kotero palibenso zokambirana za kondomu, ndipo mwamuna wa cholemberayo sathera pa mayi mmodzi. Tizinena mosapsatira kuti kumeneku ndi kugwiririra, ndipo wochita izi, kaya ndi mfumu, wa komiti, wa bungwe kapena wa mpingo, malo ake ndi kupolisi. Njira zochepetsera vutoli ndi zodziwika. Khadi lolandirira chakudya lilembedwe m'dzina la mayi. Pogawa pakhale amayi okwanira, ndipo mayina awerengedwe poyera masana dzuwa likuswa mtengo. Anthu auzidwe mobwerezabwereza, m'Chichewa, m'Chisena, m'Chilhomwe ndi m'Chiyao, kuti thandizo ndi laulere. Koposa zonse, kokadandaula kusakhale kwa munthu yemwe akudandaulidwayo kapena mlamu wake.

Nkhanza zina zimachokera ku kamangidwe ka msasa. Sukulu yomwe inamangidwa kuti ana adziphunziramo masana ilibe magetsi, ilibe mabafa, ndipo zimbudzi zake zili kuseri, kutali, zambiri zopanda zitseko. Miyezo yomwe mabungwe othandiza pa ngozi anagwirizana imati chimbudzi chimodzi chisapose anthu 20 zinthu zikakhazikika, chisatalikire kuposa mamita 50, ndipo za amayi zichuluke katatu kuposa za abambo. Ndani anaonapo zimenezi pa sukulu ya pulayimale yomwe mwalowa anthu 2,000 usiku umodzi? Atsikana amasiya kumwa madzi madzulo kuti asatuluke usiku. Amene ali kumwezi amasowa pochapira ndi poyanika nyanda, popeza sangaziyanike pamaso pa abambo, ndiye amazivala zosauma. Loko wa pachitseko, nyale ya dzuwa ndi mpanda wa udzu si zinthu zofuna ndalama za kunja.

Mtsikana kapena mayi akagwiriridwa, nthawi imayamba kuwerengedwa pomwepo. Mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV, omwe amatchedwa PEP, amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa kwa masiku 28. Mankhwala olerera a pangozi amathandiza pasanathe masiku asanu, koma akamwedwa msanga ndi pomwe amagwira bwino. Owerenga ambiri a nyuzi ino amazidziwa izi, koma funsani pamsasa muone kuti ndi angati akudziwa. Chomwe chimachitika kawirikawiri nchakuti nkhani imayamba yapita kwa malume, malume apita kwa mfumu, mfumu iitanitsa mbali zonse mkuja, ndipo pomwe mbuzi kapena ndalama zikuperekedwa maola 72 adutsa kalekale. Ena amakhulupirira kuti kuchipatala sangakuthandize popanda kalata ya kupolisi, ndiye amataya tsiku lathunthu kufunafuna wapolisi. Mwana ayambe walandira mankhwala, milandu ibwere pambuyo. Malo othandizirapo ochitiridwa nkhanza omwe ali pa zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre amagwira ntchito yabwino, koma ali kutali ndi mtsikana wa kutsidya kwa Shire mlatho utaduka. Mankhwalawa ayenera kukhala m'chikwama cha namwino aliyense wopita kumsasa. Nambala yaulere ya 116 yothandiza ana ilembedwenso pakhoma la kalasi iliyonse, ngakhale tikudziwa kuti si onse amene amapulumutsa foni.

Ndikudziwa kuti pali atsogoleri ena, a mipingo ndi a m'midzi, omwe safuna kumva za makondomu pamsasa. Amati anthu ali pa chisoni, ndipo kuika bokosi la makondomu pa sukulu kapena pa tchalitchi ndi kulimbikitsa chiwerewere. Ndimawalemekeza, koma ndikuwapempha aganizirenso. Anthu okwatirana sasiya kukhala banja chifukwa nyumba yagwa, ndipo ena mwa mabanjawa ndi oti mmodzi ali ndi kachilombo, wina alibe. Achinyamata amene sukulu yatsekedwa, makolo ali kakasi, sasanduka angelo. Kusowa kwa kondomu sikuletsa kugonana, kumangochotsa chitetezo. Chimodzimodzi ndi kulera. Jakisoni amatha mphamvu pakapita miyezi itatu, kaya kuli namondwe kaya kulibe, ndipo mayi amene wataya nyumba, mbewu ndi ziweto ndiye woyamba kudziwa kuti ino si nthawi yotenga mimba ina. Akatenga mimba yosaifuna, ena amathamangira njira zoopsa zochotsera, nkufika kuchipatala mochedwa ali mu ululu, ngati afika. Masiku ano kuli jakisoni wa Sayana Press yemwe mayi akaphunzitsidwa amatha kudzibaya yekha kunyumba. Alangizi a zaumoyo m'madera a madzi osefukira akanamaonetsetsa kuti amayi ofuna njirayi alandiriratu mvula isanayambe.

Msasa ukatsekedwa mavuto a mtsikana satha. Banja labwerera kumudzi kopanda nyumba, kopanda chakudya, ndipo mwamuna wina wa kageni kake wafunsira mwana wa Sitandade 7. Malamulo aakulu a dziko lino anasinthidwa mu 2017 kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18, koma njala ikafika pakhomo makolo ena amaona ukwatiwo ngati kuchepetsa pakamwa. Mtsikana wokwatiwa ndi mwamuna wamkulu sangafunse za kuyezetsa magazi. Aphunzitsi ndi magulu a amayi oyang'anira atsikana pa sukulu akhale ndi mndandanda wa atsikana onse omwe analipo madzi asanabwere, ndipo sukulu ikatsegulidwa alondole aliyense yemwe sanabwerere.

Zonse ndanenazi si zopempha mwachisoni ayi, ndi ufulu. Lamulo loona za kusasiyana pakati pa amayi ndi abambo la 2013 limanena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wolandira thandizo la uchembere ndi kugonana, wotetezedwa ku matenda opatsirana pogonana, ndi wosankha chiwerengero cha ana ndi nthawi yoberekera. Limalamulanso ogwira ntchito zachipatala kupereka njira zolerera posayang'ana kuti munthuyo ali pabanja kapena wabwera ndi mwamuna wake. Pa dziko lonse, mabungwe anagwirizana kalekale, kuyambira m'ma 1990 pambuyo pa mavuto a ku Rwanda ndi ku Bosnia, za thandizo loyambirira la uchembere pa nthawi ya ngozi, lomwe amalitcha MISP. Mfundo yake ndi yakuti ntchitoyi iyambe m'maola 48 oyambirira, popanda kudikira kafukufuku, chifukwa zikudziwika kale kuti paliponse pomwe pali anthu pali amayi apakati, pali ogwiriridwa, palinso omwa ma ARV. Kunena zoona, pa nthawi ya Freddy mabungwe monga UNFPA pamodzi ndi unduna wa zaumoyo anayesetsa kutumiza zipatala zoyendayenda ndi kugawa ndowa za zinthu za ukhondo wa amayi, ndipo anamwino ambiri anagwira ntchito usana ndi usiku iwonso nyumba zawo zitagwa. Koma misasa 700 ndi yambiri, ndipo thandizo lomwe limayamba kuitanitsidwa madzi atabwera kale limapeza maola 72 atatha.

Ndiye chifukwa chake ntchito yeniyeni ndi ya mu Okotobala ndi Novembala, kunja kukali gwa. Madera omwe amasefukira amadziwika, sukulu zomwe zimasanduka misasa zimadziwika, ndipo a zanyengo amachenjeza masiku angapo namondwe asanafike. Zipatala za m'madera amenewa zipereke mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi kwa onse oyenera mvula isanayambe, ndi kuwalangiza kuti botolo ndi kabuku azimange m'jumbo ndi kuziika pamalo oti akhoza kuzitola mumdima. Amene ali ndi foni ajambule tsamba la kabuku lomwe pali dzina la mankhwala ndi nambala yake, atumizirenso m'bale wodalirika wokhala kwina. Unduna ulengeze poyera kuti pa nthawi ya ngozi munthu wotaya kabuku asabwezedwe. Amayi omwe atsala ndi mwezi umodzi apite kuchidikiro chenjezo likangomveka, ndipo kuchidikiroko kukhale chakudya, chifukwa ambiri amakana kupita poopa njala. Katundu wa PEP, makondomu a abambo ndi a amayi, ndi timaphukusi tochilitsira asungidwiretu kutsidya kwa mitsinje yomwe imadula misewu, osati ku nkhokwe za ku Blantyre kokha.

Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake lochuluka la kunja, ndipo ntchito zambiri za HIV m'dziko muno zinagwedezeka. Tinaona pamenepo kuti sitingadalire kuti abwenzi akunja adzafika nthawi zonse ndi mabokosi. Makhonsolo a Nsanje, Chikwawa, Phalombe, Mulanje ndi ena onse amakhala ndi dongosolo la ngozi zogwa mwadzidzidzi lomwe amakonza mothandizana ndi nthambi ya DoDMA, ndipo m'midzi muli makomiti oona za ngozi. Magulu a amayi omwe ali ndi kachilombo apemphe kuona dongosolo la boma lawo chaka chino mvula isanagwe, afufuze ngati muli mzere wa ma ARV, PEP ndi kulera, ndi ndalama zingati zaikidwapo, ndiponso afunse kuti m'komiti ya mudzi wawo muli amayi angati omwe adzagwire nawo kaundula.